Sefa ya mpweya pa motorhome yadizilo: isinthidwe liti?

Amene amakonda kuyenda mumsewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, adakumanapo nazo galimoto izi. Zina n'zazikulu ngati lole, zina ngati minibasi yotalika denga. M'mazenera mwake mumalendewera makatani, padenga pamakhala masola, ndipo nambala zake zimakhala za ku Germany, Netherlands kapena South Africa. Eni ake amagona momwemo, kuphika momwemo ndi kusamba momwemo. Dzina lake ndi motorhome, ndiye kuti nyumba yoyenda yokha.

Kuno zimangodutsa ndi alendo odzaona malo. Kwawo kwenikweni ndi ku America ndi ku Ulaya, kumene mabanja, makamaka a anthu opuma pantchito, amazigula kuti aziyendera patchuthi. Zambiri za ku Ulaya zimamangidwa pathupi la Fiat Ducato kapena Mercedes-Benz Sprinter. Zikuluzikulu za ku America zimafanana ndi basi yoyenda mtunda wautali, ndipo injini yake, kawirikawiri ya Cummins ya malita 6.7 kapena 8.9, imakhala kumbuyo kwenikweni, kunsi kwa chipinda chogona.

Mwa mafunso amene amazunguza eni galimotozi, pali limodzi looneka ngati laling'ono: kodi sefa ya mpweya wolowa mu injini, imene amakaniko athu amaitchula kuti eyakilina, isinthidwe liti? Ena amawerenga makilomita. Ena amaitulutsa n'kuyang'ana mmene yadera. Enanso amaipopa ndi mpweya n'kuibwezera pamalo pake. Njira zitatu zonsezi zili ndi pobowoka, ndipo ziwiri zomalizazo zingathe kuwononga injini imene ndalama zoikonzera zingagule masefa a moyo wonse wa galimotoyo, n'kutsalako. Yankho lake likukhudzanso mwini lole, basi, thirakitala, chigayo ndi jenereta, pakuti injini yadizilo imapuma mofanana kulikonse kumene ili.

Injini imameza mpweya wambiri kuposa mafuta

Tikamakamba za galimoto timakonda kunena za mafuta, popeza ndiwo amatidyera ndalama. Komatu chimene injini imameza chochuluka ndi mpweya. Kuti kilogalamu imodzi ya dizilo ipse yonse, pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.5 a mpweya. Tikaziwerengera m'malita, lita imodzi ya dizilo imafuna malita a mpweya okwana 10,000. Umenewu ndi muyeso wochepetsetsa, chifukwa injini yadizilo idapangidwa kuti nthawi zonse izikoka mpweya woposa umene mafuta akufunikira.

Chifukwa chake chili m'kayakidwe ka dizilo. Injini yapetulo imayatsa mafuta ndi moto wa mapulagi. Yadizilo imapanikiza mpweya mu silinda mpaka utatentha kwambiri, ndipo mafuta akafayiridwamo amayaka okha. Mpweya ukachepa, dizilo wina sapsa bwino. Mphamvu imatsika, mwaye umachuluka, ndipo utsi umatuluka wotentha mopitirira muyeso.

Titenge injini ya malita 6.7 imene ikuzungulira maulendo 2,000 pa mphindi imodzi. Popanda turbo, ikadakoka malita 6,700 a mpweya pa mphindi, omwe ndi malita oposa 400,000 pa ola. Turbo ikagwira ntchito mwamphamvu, chiwerengerochi chimawirikiza kawiri kapena kuposerapo. Mpweya wonsewo, wosatsala ndi pang'ono pomwe, uyenera kudutsa papepala lopindapinda lomwe lili m'chitini cha sefa.

Fumbi ndi mwala woperedwa

Fumbi la mumsewu timaliona ngati ufa wofewa, koma mbali yaikulu ya fumbilo ndi timiyala tamchenga totchedwa silika, tolimba kuposa zitsulo zambiri za m'kati mwa injini. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mamaikuloni 70, ndipo maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Timiyala timene timavutitsa kwambiri injini ndi ta mamaikuloni 5 mpaka 20, tosaoneka ndi maso tikakhala patokhapatokha.

Tikadutsa sefa, timayamba kumenya mapiko a turbo, amene amazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, n'kumawadya m'mphepete. Kenaka timalowa mu silinda n'kukakamira pa oyilo amene ali pakhoma lake. Apa oyilo uja amasanduka sandipepala. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, maringi ndi khoma la silinda zimapalika. Injini imayamba kuvuta kulira m'mawa, imamwa oyilo, imatulutsa utsi pachitseko chothirira oyilo, ndipo mchenga wotsala umatsikira pansi kukadya mabering'i. Zikafika apa, kusintha sefa sikuthandizanso kanthu. Injini iyenera kumasulidwa.

Galimoto ya injini yakumbuyo ili pangozi yaikulu pa nkhani imeneyi, chifukwa imapumira kufupi ndi fumbi limene matayala ake omwe akudzutsa. N'chifukwa chake opanga amaika khomo lolowera mpweya m'mwamba, cha m'mbali mwa galimoto, ndipo amaikapo sefa yaikulu ngati ndowa.

Vutoli lidadziwika kalekale. Mu 1915, Frank Donaldson, yemwe ankagulitsa mathirakitala a kampani ya Bull Tractor, adapeza kuti thirakitala ya mlimi wina wa ku Utah inkangofa chifukwa cha fumbi la m'munda. Iye adaluka chikwere cha waya, n'kuchikuta ndi nsalu yofewa, n'kuchiika polowera mpweya. Thirakitala ija idayamba kugwira ntchito. Kampani ya Donaldson, imene lero ndi imodzi mwa zazikulu zopanga masefa padziko lapansi, idayambira pamenepo.

Sefa yakuda ingathe kukhala yabwino kuposa yatsopano

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Pepala la sefa lili ndi timipata ting'onoting'ono, koma fumbi losalala kwambiri lingathe kudutsamo ndithu. Sefa ikayamba ntchito, fumbi loyamba limatseka timipata tokulirapo, kenaka limayala kachikuto kopyapyala pamwamba pa pepala. Kachikuto kameneka kamasefanso fumbi lobwera pambuyo pake. Choncho sefa imadutsitsa fumbi lochuluka m'masiku ake oyambirira, ndipo imasefa bwino koposa ikagwirako ntchito n'kuda.

Amene amasintha sefa pafupipafupi, poganiza kuti akuikonda injini yake, amaibwezera kawirikawiri m'nyengo imene ikumeza fumbi lochulukirapo. Pamwamba pa izo, nthawi iliyonse imene chivundikiro chatsekulidwa ndipo sefa yasunthidwa, fumbi lina limagwera kumbali yoyera, kumene kulibenso chotchinga. Labala wa kukamwa kwa sefa, amene amamatirira pachitini kuti mpweya usalowere m'mbali, sakhalanso bwino ngati poyamba akazulidwa ndi kubwezeredwa kangapo. Opanga masefa amachenjeza kwambiri za chizolowezi chimenechi chotsekula chitini n'cholinga chongofuna kusuzumira.

Mbali inayo ilinso yoona. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sefa ingathe kuoneka yoyera kunja pamene timipata take tatsekeka ndi fumbi losalala kwambiri, kapena pepala lake lafufuma ndi chinyontho. Mwaye wa utsi wa galimoto za m'tauni nawonso umatseka sefa msanga ngakhale kuti sulemera ngati fumbi la kumudzi. Maso amaona mtundu wa pepala, koma sangayeze kuchuluka kwa mpweya umene ukudutsa.

Makilomita nawo sanena zonse. Buku la galimoto limapereka mtunda wosinthira sefa, ndipo ndi poyambira pabwino, koma mtundawo udawerengedwa poganizira misewu yatala. Makilomita 1,000 a pamsewu waukulu wa ku Germany sangafanane ndi makilomita 100 a msewu wadothi wokwera ku Nyika m'mwezi wa Okutobala, makamaka ngati kutsogolo kuli lole imene ikutukula fumbi. Pamsewu woyambawo, wotsatira makilomita angataye sefa yabwinobwino. Pamsewu wachiwiriwo angayende ndi sefa yotsekeka akudikira nambala imene ili m'buku.

Kageji kamene kamanena zoona

Njira yodalirika ndi kuyeza kuvutikira kwa injini pokoka mpweya. Munthu akamamwa chakumwa ndi kapaipi kopsinjika amayamwa mwamphamvu kuti chikwere. Injini imachita chimodzimodzi sefa ikayamba kutsekeka, ndipo mphamvu yoyamwirayo ingathe kuyezedwa.

Motorhome zikuluzikulu, malole ndi mathirakitala ambiri ali ndi kageji kochita ntchito imeneyi. Kamaoneka ngati kabotolo kapulasitiki koonekera m'kati, kolumikizidwa ku paipi ya pakati pa sefa ndi turbo. Pa galimoto zina kamakhala pachitini cha sefa penipeni, pa zina kuseri kwa chitseko cha injini, pa zinanso padashibodi. M'kati mwake muli kachizindikiro, kawirikawiri kachikasu, kamene kamasunthira ku mzere wofiira injini ikamakoka movutikira. Kachizindikiroka kakafika pena pake kamakhala pomwepo ngakhale injini itazimitsidwa, kuti mwini galimoto adzawerenge pamene padafika pavuto kwambiri. Kamabwerera pansi pokhapokha munthu akadina batani la kunsi kwake.

Manambala a pagejiyi amakhala a mainchesi a madzi, kutanthauza msinkhu umene mphamvu yoyamwayo ingakwezere madzi mu kapaipi koimika. Kampani ya Cummins imaika malire a mainchesi 25, omwe ndi mamilimita 635, pa injini zake zokhala ndi turbo, ndi mainchesi 20 pa zopanda turbo. Makampani ena ali ndi malire awoawo, ndipo buku la injiniyo ndilo liyenera kutsatidwa. Chizindikiro chikafika pamzere wofiira, sefa yatha ntchito, kaya yayenda makilomita 5,000 kapena 50,000.

Kawerengedwe kake kali ndi malamulo angapo amene ambiri amawaphonya.

Loyamba ndi lakuti geji imanena zoona injini ikakoka mpweya wonse umene ingathe. Galimoto ikangolira itaima, mpweya wodutsa ndi wochepa, ndipo ngakhale sefa yotsekeka imaoneka ngati ilibe vuto. Nthawi yabwino yowerengera ndi pambuyo pokwera chitunda chachitali ndi katundu, monga cha Chiweta pamsewu wa M1. Mlendo amene wafika pamwamba pa chitunda chotere, n'kuima kuti injini ipume, ali ndi mwayi wabwino wosuzumira geji yake.

Lachiwiri ndi lakuti sefa yatsopano siyambira pa 0. Mapaipi, makona ake ndi pepala lenilenilo zimatsekereza mpweya pang'ono kuyambira tsiku loyamba. Pa motorhome ya mapaipi aatali, chizindikiro chingathe kusuntha ndithu sefa idakali yatsopano. Mwini galimoto alembe nambala imene yaoneka pambuyo pa ulendo woyamba, kuti azidziwa pamene adayambira.

Lachitatu ndi lakuti kutsekeka sikukwera mofanana. Kwa nthawi yaitali chizindikiro chimasuntha pang'onopang'ono, koma chikayandikira kumapeto chimathamanga. Amene waona kuti chafika pa 20, ndipo mawa akulowa m'misewu yafumbi kutali ndi masitolo, asadikire kuti chifike pa 25.

Lachinayi ndi lakuti chizindikiro chikafika pofiira mwadzidzidzi, ndi bwino kudina batani n'kuyendanso ulendo wina wamphamvu musanagule sefa. Nthawi zina tsamba, pepala lapulasitiki kapena mvula yamphamvu zimatseka khomo la mpweya kwa kanthawi. Chikabwereranso pofiira, palibenso chokayikitsa.

Lomaliza ndilo lofunika koposa: geji yosasuntha n'komwe iyenera kukayikiridwa. Ngati galimoto yayenda miyezi yambiri m'fumbi koma chizindikiro chidakali pansi, mwina kapaipi ka geji kadaduka, mwina gejiyo idafa, kapena mpweya wapeza njira yachidule. Sefa yong'ambika, labala wosakhala bwino kapena paipi yosweka zimalola mpweya kulowa mosavuta, ndipo geji imaonetsa ngati zonse zili bwino pamene injini ikumeza mchenga. Chimodzimodzi, ngati dzulo idafika pa 18 ndipo lero, mutadina batani n'kukwera chitunda chomwecho, yathera pa 8, fumbi silidasungunuke usiku. Penapake pabowoka.

Galimoto yoima imakalambitsanso sefa

Apa ndi pamene motorhome imasiyana ndi lole kapena basi. Lole imayenda tsiku ndi tsiku ndipo sefa yake imadzaza fumbi isanakalambe. Motorhome imayenda masabata ochepa pachaka, kenaka imaimikidwa miyezi yambiri, makamaka m'nyengo yachisanu ya ku Ulaya ndi ku America. Alendo ena oyenda mu Africa amasiyanso galimoto zawo pamalo osungira kwa miyezi ingapo akabwerera kwawo. Sefa ya galimoto yotere ingathe kukhala zaka zambiri osafika pamzere wofiira.

M'zaka zimenezo zinthu zimasintha mwakachetechete. Pepala la masefa ambiri limapangidwa kuchokera ku ulusi wa mitengo, ndipo limamwa chinyontho cha mumpweya n'kuuma, kumwa n'kuuma, mpaka limafooka. Zomatira zimene zimagwira pepala kumutu ndi kumapazi zimauma n'kuyamba kulekana nalo. Labala amalimba n'kusiya kumatirira. Makoswe ndi mbewa zimakonda chitini cha sefa chifukwa n'chouma ndi chamdima, ndipo zimatafuna pepala kuti zipangire chisa. Mavu amamanganso zisa zadothi m'mapaipi. Tsiku limene mwini galimoto adzapondereza mafuta pachitunda, turbo idzakoka mwamphamvu, pepala lofooka lija lidzang'ambika, ndipo fumbi la zaka zonse lidzalowa mu injini pamodzi ndi zidutswa za pepalalo.

Zonsezi geji singazione. N'chifukwa chake opanga galimotozi amaikanso malire a nthawi, kawirikawiri zaka 2 kapena 3, ngakhale chizindikiro chitakhala kuti sichidasunthe kwenikweni. Lamulo lake ndi lakuti chimene chayamba kukwana, geji kapena zaka, ndicho chitsatidwe. Amene wagula motorhome yogwirapo kale ntchito ndipo sakudziwa tsiku limene sefa idaikidwa, aisinthe asanayambe ulendo wautali. Galimoto imene yaima miyezi yambiri pamalo a makoswe iyenera kutsekulidwa chitini isanalizidwe. Apa kusuzumira kuli ndi chifukwa chomveka.

Madzi amafupikitsa zonsezi. Mvula yolowera pakhomo la m'mbali, madzi a paipi ya otsuka galimoto, kapena mtsinje wowoloka m'dzinja zingathe kunyowetsa pepala. Likanyowa limafufuma n'kutseka mpweya, ndipo likakokedwa mwamphamvu limapindika kapena kung'ambika. Ngakhale litauma, silibwerera mwakale. Sefa yapepala imene yanyowa isinthidwe popanda kuwerenga zaka kapena kuyang'ana geji.

Zizindikiro zina, ndi malire ake

Dalaivala wodziwa galimoto yake amamva sefa ikatsekeka. Galimoto imalemera pachitunda chimene kale inkakwera mosavuta, imachedwa kunyamuka, ndipo pa injini zakale ekizozi imafuka utsi wakuda. Vutoli limaonekera msanga kumalo okwera monga ku Nyika, kumene mtunda umapitirira mamita 2,000 ndipo mpweya ndi wopepuka kale.

Koma zizindikirozi zili ndi eni ake ambiri. Sefa ya mafuta yotsekeka, mainjekitala otha, kapena paipi ya turbo yotaya mpweya zimabweretsa matenda ofanana. Ndipo injini zamakono zimabisa utsi. Kompyuta ya injini ikaona kuti mpweya wachepa imachepetsanso mafuta, ndipo kuyambira 2007 ku America, komanso pafupifupi 2009 ku Ulaya, galimoto zadizilo zatsopano zambiri zili ndi sefa ina ku ekizozi yogwira mwaye. Galimoto yotere ingabanike popanda kutulutsa utsi wooneka, pamene mwaye ukudzaza msanga sefa ya ku ekizoziyo, yomwe ndi yodula kwambiri.

Nako kumwa mafuta sikuthandiza kwenikweni. Mu 2009 akatswiri a Oak Ridge National Laboratory ku America adayesa galimoto zapetulo zokhala ndi masefa otsekeka, ndipo adapeza kuti zamakono sizidasinthe kwenikweni kamwedwe ka mafuta, koma zidataya liwiro ponyamuka. Atayesanso zadizilo patapita zaka zingapo adapeza zofanana. Wodikira kuti mafuta ayambe kutha msanga ndiye asinthe sefa angadikire nthawi yaitali.

Pali zizindikiro ziwiri zosonyeza kuti fumbi ladutsa kale. Choyamba ndi mzere wa fumbi m'kati mwa paipi yochoka pasefa kupita ku turbo. M'menemo muyenera kukhala moyera, moti chala chikapita chisatuluke ndi kanthu. Chachiwiri chimapezeka popimitsa oyilo wakale ku labotale, monga amachitira makampani a malole ndi a migodi. Silikoni akamakwera mu oyilo pamodzi ndi tizidutswa ta chitsulo, ndiye kuti mchenga ukulowa penapake.

Za kupopa ndi kugogoda

M'magalaja ambiri, kuno ndi kwina, sefa ikatuluka imapita molunjika ku kompuresa. Fumbi likamatuluka ngati mtambo, mwini galimoto amasangalala kuti ntchito yagwirika. Chizolowezichi chili ndi mbiri yake. Mathirakitala, malole ndi ma Land Rover akale ankagwiritsa ntchito sefa ya waya yokhala ndi mbale ya oyilo kunsi, imene inkatsukidwa n'kuthiridwa oyilo watsopano. Sefa ya lero ndi yapepala, ndipo pepala silipirira zimene waya unkapirira.

Kompuresa ya m'galaja imatulutsa mpweya wa mphamvu ya 6 mpaka 8 bar. Mphamvu yotere imalekanitsa ulusi wa pepala n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso koma tokwanira kudutsa mchenga. Kupopera kuchokera kunja kumakankhira fumbi m'kati mwa pepala. Kugogoda sefa patayala kapena pasimenti kumapinda mutu wake n'kuwononga pokhalira labala. Ndipo kachikuto kaja kamene kankathandiza kusefa kamachoka, pamene fumbi lolowerera m'kati mwa ulusi limatsala.

Makampani ena amalola kuyeretsa, koma pa malamulo okhwima. Mabuku a Caterpillar, mwachitsanzo, amalola kupopa sefa yakunja ya makina ena ndi mpweya wouma wosapitirira pafupifupi 2 bar, kuchokera m'kati kupita kunja, kenaka kuiunika ndi nyale m'chipinda chamdima. Pakaoneka kadontho kamodzi ka kuwala, sefayo itayidwe. Mlendo amene sefa yamutsekekera kutali ndi tauni angachite zimenezi kuti akafike kumene angagule ina. Nzeru yoposa pamenepa ndi kunyamula sefa yapadera m'katoni yake, itakulungidwa m'pulasitiki, pakuti ya motorhome ya ku America kapena ku Ulaya sipezeka wamba m'masitolo a kuno.

Zitini zina zimakhala ndi masefa awiri, yaikulu kunja ndi yaing'ono m'kati. Yaing'onoyo ndi mlonda woteteza injini yaikulu ikang'ambika komanso pa nthawi yosintha. Imeneyi siyeretsedwa n'komwe. Imasinthidwa kamodzi pa maulendo atatu alionse osintha yaikulu, kapena nthawi yomweyo ikapezeka ndi fumbi, chifukwa fumbi pa iyo ndi umboni wakuti yaikulu idalephera.

Tsiku losintha likafika

Mphindi zochepa zimene chitini chili chotsekula ndi zoopsa kwambiri pa moyo wa injini, choncho ntchitoyi ichitikire pamalo opanda mphepo ndi fumbi, injini itazimitsidwa. Pukutani kunja kwa chitini musanatsekule. Sefa yakale ituluke pang'onopang'ono, osaigunditsa m'mbali. Ngati mulibe sefa yaing'ono yam'kati, tsekani khomo lopita ku injini ndi nsalu yoyera, ndipo musaiwale kudzaichotsa. M'kati mwa chitini mupukutidwe ndi nsalu yonyowa pang'ono. Kupoperamo mpweya kumangouluzira fumbi ku injini.

Sefa yakale isatayidwe isanaunikidwe. Mzere wa fumbi m'kati mwake kapena pa labala wake umasonyeza pamene padali podontha, ndipo chifukwa chake chipezeke sefa yatsopano isanalowe. Yatsopanoyo ikhale ya nambala yoyenera. Masefa awiri angathe kufanana msinkhu koma n'kusiyana kukamwa ndi mamilimita ochepa, ndipo pamenepo ndi pamene fumbi limalowera. Masefa achinyengo, okhala ndi pepala lochepa ndi zomatira zosalimba m'katoni ya dzina lodziwika, aliponso pamsika, choncho mtengo wotsika modabwitsa uzikayikitsa. Sefa yopindika chifukwa chogwa isaikidwe.

Ilowetsedwe ndi manja mpaka itakhala bwino. Chivundikiro ntchito yake ndi kutseka, ndipo chikamakana ndiye kuti sefa sidafike pamalo pake. Kunsi kwa zitini zambiri kuli kalabala kokhala ngati mlomo wa bakha, kamene kamataya fumbi lolemera ndi madzi. Kayenera kuloza pansi, kukhala kofewa ndi kosatsekeka. Mapaipi onse a pakati pa sefa ndi turbo aunikidwe ngati ali ndi ming'alu, ndipo zomangira zake zikhale zothina. Pomaliza dinani batani la geji, lembani tsiku ndi makilomita pachivundikiro kapena m'buku, ndipo mudzalembenso nambala ya geji pambuyo pa chitunda choyamba.

Motorhome zing'onozing'ono za ku Ulaya zambiri zilibe geji imeneyi, monganso zigayo, majenereta ndi malole ena amene ali m'misewu yathu. Eni ake angatsatire mtunda ndi nthawi za m'buku, n'kuzifupikitsa m'miyezi ya fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Koma gejiyo imagulitsidwa payokha, ndipo makaniko wodziwa ntchito angathe kuiika papaipi ya pakati pa sefa ndi injini. Ikaikidwa, mwini galimoto amasiya kutsekula chitini mwachisawawa. Amangosuzumira kabotolo kaja nthawi imene akuyeza oyilo, n'kukumbukira chaka chimene chidalembedwa pachivundikiro.